Kalata yotseguka kwa a komiti yokonza misonkhano ya mainjiniya, kuchokera ku Kasungu

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi nonse amene muli mu komiti yokonza misonkhano ya kafukufuku ndi mawekishopu athu,

Ndiyambe ndi kupepesa kuti nkhaniyi ndayitulutsira pabwalo. Imelo ndinalemba kawiri, pa gulupu yathu ya WhatsApp ija ndinayankhulaponso koma uthenga wanga unakwiririka ndi mauthenga otikumbutsa zolipira, nde ndaona kuti mwina pano mundimva. Sindikubwera ndi ndewu ayi. Ine ndi mmodzi wa inu, ya umembala ndimalipira chaka ndi chaka, ndinakhalaponso zaka ziwiri mu kakomiti kowerenga mapepala a kafukufuku ndiye thukuta lanu ndikulidziwa, kugona 1 koloko usiku mukulembera makampani kuti atithandize ndi ndalama, kuimbira mahotela, kudikira yankho la mlendo wolemekezeka mpakana tsiku lomaliza, zonsezo mwaulere ntchito zanu zikukudikirani ku ofesi. Ulemu wanu ulandireni. Koma paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ife a kumaboma kuno tamva m'mimba.

Nkhani yanga ndi imodzi basi, zimene zimakambidwa mu misonkhano yathu sizikufika kumene kuli ntchito, ndipo zimene zikuchitika kumene kuli ntchito sizikufika mu misonkhano yathu.

Ndikuuzeni za pampu ina. Kuli kagulu ka alimi cha kumbali ya Santhe uko, amayi ambiri, amalima tomato ndi chimanga chachiwisi nthawi ya chilimwe ndi madzi opopa ndi sola. Mwezi wa Okutobala anandiimbira kuti pampu yasiya, mapanelo ali bwinobwino, dzuwa likuswa mtengo koma mu thanki mulibe ndi dontho lomwe. Titaizula mu chitsime ndinangomva fungo lija la waya wopsa ndisanatsegule nkomwe. Madzi anali atatsika kupitirira pamene pampu inapachikidwa, iyo nkumangozungulirabe yopanda madzi mpakana mota inapsa, ndipo kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika sikanaikidwe olo pang'ono, amene anaika sanayese nkomwe kuti chitsimecho chimatulutsa madzi ochuluka bwanji pa ola nthawi ya chilimwe, anangogula pampu yaikulu poganiza kuti kukula ndiye ubwino. Mayi wina amene amasunga kabuku ka ndalama za gululo anaima pambali panga atanyamula kabukuko, anandifunsa funso limodzi lokha, achimwene tomatoyu afika Lachisanu? Ndinangoyang'ana pansi. Sanafike.

Chimene chimandiwawa nchakuti vuto lomweli ndinalimva likufotokozedwa bwino kwambiri pa msonkhano wathu womwe, ku nyanja, ndi mnyamata wina wophunzira amene anayenda m'masikimu angapo kuyeza zitsime ndi mapampu. Anapatsidwa mphindi zochepa zedi chifukwa pulogalamu inali itachedwa, anathamanga ngati akuthamangitsidwa, ine ndinajambula chithunzi chimodzi cha tebulo lake la manambala ndi foni koma chinatuluka chosaoneka bwino. Nditabwerera kuno ndinapempha pepala lakelo, ndinauzidwa kuti mapepala onse aikidwa pamodzi atumizidwa posachedwa. Mpaka lero. Ndinafunsa nambala ya mnyamatayo, palibe anaisunga. Nde taganizani akuluakulu, nzeru inalipo, inayankhulidwa pamaso pathu, tinaombera m'manja, tinamwa tiyi, koma siinayende mtunda wochoka pa hotela kufika pa chitsime cha amayi aja. Msonkhano umene mapepala ake sasindikizidwa watha tsiku lomwe anthu akwera magalimoto kubwerera. Sindikupempha buku lokongola la chikuto chonyezimira ayi, PDF chabe, yopepuka yoti munthu wa ku Chulu kapena ku Chamama atha kuitsitsa ndi bandulo ya tsiku limodzi, ikhale pamalo amodzi oti olo patapita zaka 10 tidzaipeze. Ndipo wolemba aliyense awonjezere ndime imodzi m'Chichewa kapena kamawu kojambula ka mphindi ziwiri kofotokoza zimene wapeza, chifukwa amene amagwira sipanala ndi amene amafunika kumva zimenezi.

Kwinako ndi kumene kumandipweteka kwambiri, khomo lolowera. Chilengezo choitana mapepala chimatuluka mochedwa, pena masabata awiri tsiku lotseka lisanafike, pamene munthu ali pa saiti netiweki yake ndi yokwera pachulu. Amene ali ku sukulu za ukachenjede pepala amakhala nalo kale mu kompyuta, amangosintha mutu nkutumiza, sindikuwada nazo, ndi ntchito yawo. Koma tekinishani wa ku boma amafunika miyezi itatu kuti asonkhanitse manambala ake amene ali mu makope atatu osiyana, apeze wina womuwerengera, alembe usiku magetsi akayaka.

Pali mtsikana wina amene ndinagwira naye ntchito yomanga makalavati, tekinishani wa dipuloma, wodekha, wosayankhula zambiri. Ankadabwa kuti bwanji makyubu a konkire, timabuloko toyesera kulimba kwa konkireyo, akumalephera mayeso a pa masiku 28 chonsecho simenti ndi yomweyo, muyezo ndi womwewo. Anayamba kutenga mchenga uliwonse umene mathirakitala abweretsa, kuuthira mu botolo loonekera mkati, kuthira madzi ndi kamchere pang'ono, kukhutchumula nkuusiya kuti udikhe, kenako nkuyeza ndi rula kuti dothi lakhala pamwamba pa mchengalo ndi lokhuthala bwanji. Mabotolo anawandandalika pa windo la kontena, lililonse analimata kapepala kolemba dambo kapena mtsinje umene mchengawo wachokera ndi tsiku lake. Patapita miyezi anali ndi chithunzi chonse, mchenga wa malo akuti ndi wabwino, wa malo akuti umafunika kutsuka kaye, wa malo akuti osayerekeza makamaka mvula ikangoyamba. Zimenezi mulibe mu buku lililonse la ku kalasi chifukwa ndi mchenga wa ku Kasungu, ndipo kontirakitala aliyense wogwira ntchito kuno akanapindula nazo. Ndinamulimbikitsa kuti alembe, analemba, tinatumiza. Yankho linabwera la mzere umodzi kuti pepala lanu silinasankhidwe, popanda chifukwa, popanda olo ndemanga imodzi yoti akonze pati. Nditafufuza mwa ine ndekha ndinamva kuti owerenga anati si kafukufuku weniweni chifukwa sanatchule mabuku okwanira. Mtsikana uja sanalembenso, ndipo ndikamuuza za msonkhano amangomwetulira nkuti zimenezo ndi za mabwana.

Ine ndinakhalamo mu kakomiti kowerengako ndiye ndikudziwa mmene zimakhalira, mapepala 40 anthu atatu sabata imodzi, umangoyang'ana dzina ndi kumene munthu akuchokera nkuganiza kuti uyu ndi dokotala ndiye zake zili bwino. Inenso ndinachitapo zimenezo ndipo sindinyadira. Njira yake tonse timaidziwa, dzina la wolemba lichotsedwe pepala lisanapite kwa owerenga, pepala lililonse liwerengedwe ndi anthu awiri, mmodzi wa ku sukulu mmodzi wa ku saiti, ndipo olo mwalikana mubwezereni munthu ndemanga zoti aphunzirepo. Aphunzitsi a ku MUBAS, ku MUST, ku Bunda ndi ku Mzuni alipo ambiri amene atha kuthandiza mutawapempha nthawi ilipo, mainjiniya opuma ntchito nawonso angokhala kunyumba ndi nzeru zawo palibe amawaimbira. Komanso tsegulani chigawo china cha malipoti a ku saiti, masamba awiri kapena atatu, chinavuta nchiyani, tinayesa chiyani, chinatheka nchiyani, chinakanika nchiyani. Zokanikazo ndiye zofunika kwambiri ndipo ndi zimene timabisa.

Mukaona ngati ndikukokomeza kumbukirani William Kamkwamba, mwana wa kuno kwa Wimbe. Anasiya sukulu nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002 makolo atasowa fizi, nkumakawerenga mabuku mu kalaibulale ka pa pulayimale, mpakana anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi njinga yakale, zitsulo zotola ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2007 anthu okonza msonkhano wa TED, umene anthu a nzeru zatsopano amakayankhulako, ku Arusha, Tanzania anamuitana nkumuika pa nsanja, Chingerezi chake chinali chochepa koma anamumvetsera, ndipo pambuyo pake anathandizidwa kubwerera ku sukulu mpaka anakamaliza ku koleji ya Dartmouth ku America mu 2014. Amene anatsegula khomo limenelo ndi anthu a komiti ngati inuyo, anthu okhala pansi nkusankha kuti ayankhule ndani. Funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti mnyamata ngati ameneyo atatumiza pepala lake kwa ife lero, lolembedwa pamanja lopanda mndandanda wa mabuku, tingamulandire? Mjigo wa Afridev umene uli pafupifupi mudzi uliwonse, umene amayi a komiti ya madzi amatha kuumasula okha nkusintha marabala, chiyambi chake ndi konkuno ku Malawi koyambirira kwa zaka za m'ma 1980, unkatchedwa Maldev, ndipo unakula chifukwa akatswiri ankauyesa m'midzi pamodzi ndi anthu ougwiritsa ntchito. Uinjiniya wathu umene unapita kutali unabadwira pa fumbi.

Tsopano za malo ndi ndalama. Nyanja ndi yokongola inde, nanenso ndimaikonda, koma tawerengerani ulendo wa munthu wochoka kuno. Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, wa ku Mchinji ndi 110, wa ku Nkhamenya kapena ku Mkanda wonjezeranipo, kenako upeze ina ya ku Salima kapena ku Mangochi, tsiku lathunthu panjira kupita lina kubwerera, malo ogona a kufupi ndi hotela amakhala atakwera mtengo chifukwa eni ake amva kuti kukubwera msonkhano. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera, simenti, mafuta, thiransipoti, koma malipiro a tekinishani sanathamange liwiro limenelo. Amene amatumidwa ndi maofesi akuluakulu amalipiriridwa zonse ndi alawansi pamwamba, koma wodzilemba yekha ntchito, kontirakitala wamng'ono, wongomaliza kumene sukulu, amatulutsa m'thumba mwake ndipo ambiri amangosiya. Mapeto ake mu holo mumadzaza nkhope zomwezomwezo chaka ndi chaka, nkumadabwa kuti bwanji achinyamata sakubwera. Mwayesapo kuika pa Zoom, zikomo, koma kamera imaloza tebulo la akuluakulu, mawu a wofunsa funso samveka, magetsi akathima kuno basi zathera pompo ndipo chojambulidwacho sichitumizidwa.

Ndipo tikafikako tsiku loyamba limathera kudikira. Pulogalamu imati 8 koloko, mlendo wolemekezeka afika 11, malonje a aliyense, zoyankhula zisanu, chithunzi cha gulu, chakudya, makampani otithandiza aliyense ndi mphindi zake zotsatsa malonda, nde ofufuza aja amene anakonzekera miyezi amauzidwa kuti pepani mufupikitse, mafunso tidzafunsa kumapeto, kumapetoko anthu atatopa ena atapita kale. Alendo ndi ofunika, makampani ndi ofunika, popanda iwo holo sitingalipire, ndikudziwa. Koma yambani mapepala pa nthawi yake, mlendo akafika tiimike timulandire kenako tipitirize, ndikukhulupirira kuti mlendo wanzeru sangakhumudwe kupeza mainjiniya ali pa ntchito. Za mapointi a CPD nazonso, amene amasonyeza kuti injiniya akupitiriza kuphunzira za ntchito yake, pakadali pano munthu amasaina m'mawa nkusowa tsiku lonse koma sitifiketi amalandira yofanana ndi amene anakhala mpaka 5 koloko akulemba manotsi, zimenezi zikupha cholinga chake.

Mitu ya misonkhano imakhala ikuluikulu, yokoma kumva, koma ife tili ndi mafunso enieni amene akusowa poyankhidwa. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a pa Kapichira dziko nkutaya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu kummwera, mu Febuluwale 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa ku Nkhotakota, ndipo mtsinje wa Dwangwa umenewo umachokera kuno ku Kasungu, Bua naye amachokera ku Mchinji kudutsa kuno. Mitengo kumtunda kuno yatha ndi zigafa, kuwotcha fodya, njerwa ndi makala, madzi akumathamanga kuposa kale, koma tikamawerengera kukula kwa kalavati ambiri tikugwiritsabe ntchito manambala a mvula akalekale amene tinawapeza mu manotsi a aphunzitsi athu. Ndani akukonzanso manambala amenewa? Nanga ntchito yaikulu yokonzanso msewu wa M1 yadutsa pakhomo pathu penipeni, ma lab a dothi, miyala, phula, zonse zinali pompano, ana a sukulu za ntchito zamanja akanaphunzira zambiri tsiku limodzi lokha loyendera saiti mutapempha chilolezo ngati komiti. Ku Mchinji kuli njanji imene inalumikizidwa mpaka ku Chipata mu 2010, kuli chipata chatsopano cha m'malire cha Mwami chimene chinatsegulidwa mu Disembala 2022, anzathu a ku Zambia ali pafupi kwambiri moti wekishopu ya ku Mchinji atha kubwera m'mawa nkubwerera madzulo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nanga bwanji misonkhano yathu ikukulira dziwe limodzi?

Pali ina yovuta kuikamba koma ndiikamba mwaulemu. A msungichuma, sindikukuganizirani choipa chilichonse, ndikubwereza, chilichonse. Koma msonkhano ukatha tipatseni tsamba limodzi, analipira ndi anthu angati, makampani anapereka zingati, holo zingati, chakudya zingati, zikwama ndi malaya zingati, zatsala zingati. Pamene palibe lipoti mphekesera ndi zimene zimalankhula ndipo zimadetsa anthu osalakwa. Likanakhalapo lipotilo mwina tikanagwirizana tonse kuti ndalama ya zikwama ndi zipewa ipite kolipirira ophunzira ndi matekinishani khumi thiransipoti, ine zikwama ndili nazo kale zinayi za misonkhano yapita. Komanso komiti ikamatuluka isiyire inzake zonse, mndandanda wa owerenga mapepala, makalata a makampani, manambala a oyankhula, zimene zinavuta. Nthawi imene ndinalowa ine tinayamba ngati palibe anachitapo msonkhano chiyambire, zonse zinali mu laputopu ya munthu mmodzi amene anali atasamukira kunja. Mu komitimo mukhalenso mpando wa tekinishani, mpando wa munthu wa kumaboma, ndi amayi oposa mmodzi, osati kungowapatsa ntchito yolandira alendo pakhomo.

Pempho langa lenileni ndi ili, msonkhano waukulu upitirire kumene mukuona kuti nkoyenera, koma chaka chikubwerachi tipatseni wekishopu imodzi yokha kuno ku Kasungu, ya masiku awiri, mu Juni kapena Julaye anthu atakolola misewu ya fumbi ikupitika. Malo ochitira alipo pa boma pano, ogona aliponso a mitengo yoti munthu wamba akwanitsa, a ku Mzimba, Mchinji, Ntchisi, Dowa ndi Nkhotakota onse afika tsiku lomwelo. Tsiku loyamba mu holo, mapepala ochepa koma aliyense apatsidwe nthawi yokwanira ndi mafunso, oyankhula aloledwe kusakaniza Chichewa akafuna. Tsiku lachiwiri tivale mabuti tipite pa chitsime, pa kalavati, pa sikimu, mapulofesa ndi mamekaniki a mijigo ndi mafolomani aime malo amodzi ayang'ane chinthu chimodzi. Kulipira kukhale pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo mtengo wa wophunzira ndi tekinishani ukhale wosiyana ndi wa bwana wa kampani. Sitikuti mutichitire zonse ayi, mutu umodzi susenza denga, tilipo kagulu kuno amene takambirana kale ndipo tavomera kuyenda ndi makalata, kupeza holo, kukonza za thiransipoti yopita ku saiti ndi jenereta yodikirira, inu mutipatse dzina la komiti, oyankhula awiri kapena atatu ndi mapointi a CPD basi.

Mota yopsa ija sindinataye, ili mu shedi kwathu ndaikulunga mu thumba la feteleza, ndipo mtsikana wa mabotolo uja ndamufunsa dzulo ngati kope lake akadali nalo, wati lilipo. Mukabwera zinthu ziwirizi tidzaziika pa tebulo lakutsogolo, ndipo amayi a ku Santhe aja ndidzawaitana adzakhale nafo mu holo. Nambala yanga a mlembi ali nayo, ndikudikira kumva tsiku limene komiti ikhale pansi kukambirana kalatayi.

Ine wanu,
Membala mnzanu wa ku Kasungu